Utsogoleri Suphunziridwa pa Bolodi Pokha

Dera la Mfumu Mposa, m'boma la Machinga, lili pakati pa phiri la Chikala ndi nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta imaphwa, monga idachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Pakatero matemba amasowa, mpunga umafota, ndipo mudzi umayang'ana kwa anthu opirira ndi oganiza msanga. Kodi anthu otere amaphunzitsidwa kuti?

Makolo adali ndi yankho lao. Ayao a m'derali amatengera anyamata ku ndagala, kutali ndi mudzi, kumene anakanga amawaphunzitsa ulemu, kupirira ndi kusunga mwambo. Mnyamata akagona kuthengo, kopanda mai wake womuphikira, amazindikira kuti moyo wake wagona m'manja mwa anzake.

Nzeru yomweyi idaonekanso kutsidya kwa nyanja. Mu 1941 Kurt Hahn ndi Lawrence Holt adatsegula sukulu ya Outward Bound ku Aberdyfi, m'dziko la Wales, pofuna kulimbitsa mtima anyamata ogwira ntchito m'sitima zapamadzi pa nthawi ya nkhondo. Njira yao idali yosavuta kuimva: kagulu kochepa kamapatsidwa ulendo wovuta, ndipo aliyense amalandira udindo wake. Kuthengo cholakwa sichibisika. Woiwala madzi amaphetsa anzake ludzu, ndipo wosokoneza njira amagonetsa gulu lonse panja.

M'Malawi muno, gulu la Apayoniya lidakhazikitsidwa mu 1963, ndipo pa misasa monga wa Nasawa ku Zomba achinyamata ankaphunzira ulimi, ntchito zamanja ndi kulimbitsa thupi. Ambiri adapindula. Koma gululi lidasanduka chida cha chipani, anthu nayamba kuliopa, mpaka asilikali adalilanda zida mu December 1993. Phunziro lake nlakuti maphunziro ozolowetsa mwana kumvera kokha, osamuzolowetsa kuganiza ndi kufunsa, amabala kapitawo, osati mtsogoleri.

Tsono mphunzitsi wa kwa Mposa sayenera kudikira zipangizo za mtengo wapatali. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe chiyambi chake ndi 1947, lakhala likulimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Kalabu yotere ingathe kukwera Chikala, kuwerenga mbalame za m'madambo a Chilwa, amene adalowa m'ndandanda wa Ramsar, kapena kukaona nkhalango ya Liwonde, imene idakhazikitsidwa mu 1973.

Chofunika ndi kakonzedwe ka ulendowo. Makolo ndi mfumu adziwitsidwe, ndipo munthu wamkulu wodziwa njira apite nawo. Wina asunge chakudya, wina mankhwala a zilonda, wina ayende pambuyo kuti wotopa asatsale. Udindo wotsogolera uzisinthana, atsikana ndi anyamata chimodzimodzi. Madzulo gulu likhale pansi ndi kukambirana zimene zayenda bwino ndi zimene zalakwika, mphunzitsi akumvetsera kwambiri kusiyana ndi kulankhula.

Amene adamaliza sukulu nakhala pamudzi ali ndi malo pa ntchitoyi, pakuti ndiwo akudziwa tinjira ta m'phiri ndi madooko a panyanja. Paja akulu adati kuongola mtengo mpoyamba. Nyanja ikadzaphwanso, mudzi udzafuna munthu amene adazolowera kale kuwerenga anzake asanayambe ulendo ndi kuwabweza kwao onse ali bwino.