Matenda obisala m'magazi a amphaka osowa mwini

M'zaka za m'ma 1980, mayi wina wa m'tauni ya Petaluma, ku California m'dziko la America, ankatola amphaka osowa mwini n'kumawasunga pakhomo pake m'makola angapo. M'khola limodzi munayamba zachilendo. Amphaka ankawonda, kutsegula m'mimba, kutuluka zilonda m'kamwa, kudwala chimfine chosamva mankhwala, mapeto ake kufa. Atawayeza ngati ali ndi kachirombo ka khansa ya m'magazi, kamene madokotala a ziweto ankakadziwa kale, sikanapezeke. Magazi a amphakawo anafika m'manja mwa Niels Pedersen ndi Janet Yamamoto pa yunivesite ya California ku Davis, ndipo mu 1986 awiriwa anapezamo kachirombo katsopano, ka m'banja limodzi ndi HIV. Zimene anapezazo zinasindikizidwa m'magazini ya Science mu 1987. Lero kachiromboka kamatchedwa FIV, koma anthu wamba anakapatsa dzina lawo: Edzi ya amphaka.

Dzina limeneli linabzala mantha, ndipo amphaka ambiri aphedwa chifukwa cha manthawo. Choncho ndinene msanga: FIV sigwira munthu. Mungakandidwe kapena kulumidwa ndi mphaka amene ali nako, kachiromboko sikangakhale m'thupi mwanu. Ngakhale kwa mphaka mnzake sikapita mwachisawawa. Kamafuna bala lakuya, loti mano alowe mpaka m'mnofu n'kusiyamo malovu. N'chifukwa chake kamapezeka kwambiri mwa amphaka amphongo osathena, aja oyendayenda usiku, olira pamalata ngati khanda, olimbirana akazi ndi malo. Mukaona mphaka wamutu waukulu, makutu ong'ambikang'ambika, zipsera kumaso ndi chithupsa pakhosi, ndiye amene dokotala wa ziweto amayamba kumukayikira. Amphaka ogwirizana, odyera m'mbale imodzi popanda ndewu, kawirikawiri sapatsirana.

Kakalowa m'thupi, kachiromboka kamadya pang'onopang'ono maselo oyera amene amateteza thupi, monga momwe HIV imachitira mwa munthu. Koma kamachita zimenezi mochedwa kwambiri, moti amphaka ambiri amene ali nako amakhala zaka zambiri ali bwinobwino, ena mpaka kufa ndi ukalamba. Ngakhale mikango yambiri ya ku Serengeti ku Tanzania ndi ya ku Kruger ku South Africa ili ndi mtundu wakewake wa FIV, koma ikusaka ndi kuswana.

Koopsa kwenikweni kwa mphaka ndi kachirombo ka khansa ya m'magazi kaja kamene anayamba kukafufuza ku Petaluma koma osakapeza. Kamatchedwa FeLV, ndipo anakatulukira William Jarrett pa yunivesite ya Glasgow ku Scotland mu 1964, ataona kuti amphaka okhala pamodzi ankadwala khansa motsatizana. FIV ndi matenda a adani, pamene FeLV ndi matenda a apachibale ndi abwenzi. Kamayenda m'malovu pamene amphaka akunyambitana ubweya ndi kumwera pamodzi, ndiponso mayi amapatsira ana ake ali m'mimba kapena poyamwitsa. Tiana ndi timene timagwidwa mosavuta; mphaka wamkulu thupi lake limalimbako. Ena amakagonjetsa kachiromboka, ena kamangobisala m'thupi mwawo osawadwalitsa. Koma kakakhazikika m'mafupa, mmene mumapangidwa magazi, mphakayo amayamba kuchepa magazi, kugwidwa ndi matenda osiyanasiyana kapena kutuluka zotupa za khansa, ndipo ambiri otere sapitirira zaka zochepa. Katemera wa FeLV alipo kuyambira mu 1985.

Apa m'pamene pamaonekera vuto la malo osungirako ziweto zosowa mwini. Pamsewu amphaka amatalikirana. M'khola la osamalira ziweto, amphaka khumi osadziwana amaikidwa m'chipinda chimodzi, mbale imodzi, madzi amodzi, onse ali ndi mantha ndiponso thupi lofooka. Mmodzi yekha wa FeLV atha kupatsira anzake. Malo amene akuyenera kukhala populumukira amasanduka pogawirana matenda, ngati olandira amphakawo sayamba awayeza magazi ndi kuwapatula.

Kuyezako n'kosavuta. Madontho ochepa a magazi amaikidwa pa kachipangizo konga kaja koyezera malungo, ndipo pakapita mphindi pafupifupi 10 zotsatira za FIV ndi FeLV zatuluka. Chovuta ndi kuwerenga tanthauzo lake. Pa FIV, kachipangizoko sikaona kachirombo kenikeniko, kamaona asilikali amene thupi lapanga polimbana nako. Kamwana ka mphaka kosakwana miyezi 6 katha kuonetsa kuti kali nako chonsecho asilikaliwo kanangowayamwa kwa mayi ake, ndipo pakapita nthawi amatha. Mphaka amene walumidwa sabata yatha atha kuonetsa kuti alibe, chifukwa thupi limatenga masiku ofika 60 kuti lionetse. Kwa zaka zambiri malo ambiri osungira amphaka ku America ndi kwina ankapha mphaka aliyense amene kachipangizo kamuloza, kamodzi kokha, osabwerezanso. Kunena zoona, kumeneko kunali kulakwa, ndipo akatswiri eni ake anabwerera m'mbuyo. Malangizo amene bungwe la madokotala a amphaka ku America, la AAFP, linatulutsa mu 2020 akunena kuti mphaka asaphedwe chifukwa chongopezeka ndi kachirombo. Mumzinda wa Austin ku Texas, bungwe la Austin Pets Alive! limapezera mabanja ngakhale amphaka a FeLV, bola akakhale m'nyumba mopanda amphaka ena osadwala.

Chiwerengero cha amphaka ogwidwa si chachikulu monga momwe mantha amanenera. Kafukufuku amene anatsogolera Julie Levy, wosindikizidwa mu 2006, anayeza amphaka oposa 18,000 ku America ndi ku Canada. Mwa amphaka 100 alionse, awiri kapena atatu okha ndi amene anapezeka ndi FIV, chimodzimodzinso FeLV. Ogwidwa kwambiri anali amphongo, oyenda kunja, ndi amene anali akudwala kale.

Pali tizirombo tina timene timamatirira kunja kwa maselo ofiira a magazi. Kodziwika kwambiri ndi Mycoplasma haemofelis. Kachirombo ka mtundu umenewu kanalembedwa koyamba mwa mphaka ku South Africa mu 1942. Thupi likaona maselo ake atamatiridwa, limayamba kuwaphwanya lokha, ndipo mphaka amafooka, amatentha thupi, amakana chakudya. Mukamutukula mlomo mupeza nkhama zayera m'malo mofiira, nthawi zina zachikasu. Matendawa amamva mankhwala a doxycycline, koma ayenera kuperekedwa ndi dokotala wa ziweto, ndipo mphaka wa FeLV akawatenga amavutika kwambiri. M'madera a m'mphepete mwa nyanja ku South Africa komweko mulinso Babesia felis, kamene kamalowa mkati mwa maselo ofiira monga timachitira tizirombo ta malungo mwa ife.

Nanga munthu aope chiyani? Aope nthata. M'magazi a amphaka ambiri, makamaka tiana tosakwana chaka ndi amphaka a pamsewu, mumakhala bakiteriya wotchedwa Bartonella henselae. Mphakayo nthawi zambiri saonetsa kudwala kulikonse. Nthata ikayamwa magazi ake, bakiteriyayo amatulukira m'chimbudzi cha nthatayo, tija timadontho takuda tonga fumbi la makala timene timaoneka m'ubweya. Mphaka akamadzikanda, fumbilo limalowa m'zikhadabo. Akakanda munthu, lalowa pabala. Pakapita masiku ochepa pamatuluka kachiphuphu, ndipo pakatha sabata imodzi kapena zitatu mwanabere amatupa pafupi ndi balalo, m'khwapa kapena m'khosi, nthawi zina limodzi ndi kutentha thupi. Dokotala wa ana wa ku Paris, Robert Debré, anafotokoza matendawa mu 1950, koma chimene chimawayambitsa chinadziwika bwino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ku America, bungwe la CDC limawerengera kuti anthu pafupifupi 12,000 amapezeka nawo chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 500 amagonekedwa m'chipatala. Ana ndi amene ali pachiopsezo chachikulu chogwidwa ndi matendawa.

Kwa munthu wathanzi matendawa amatha okha pakapita masabata kapena miyezi ingapo. Kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika kwambiri nkhani imasintha. Bakiteriya yemweyu amatulutsa zotupa zofiira pakhungu zosachedwa kukha magazi, ndipo atha kufika kuchiwindi, kukapamba ndi kumtima. Anadziwika bwino chifukwa cha odwala Edzi a nthawi imene kunalibe mankhwala otalikitsa moyo. Apa nkhaniyi ikutikhudza ife kuno kwathu, kumene mabanja ambiri ali ndi wachibale amene akumwa ma ARV, komanso kumene mphaka ndi mlonda wa nkhokwe ndi wa golosale. Sindikunena kuti munthu wotere athamangitse mphaka wake. Makoswe amene angabwere m'malo mwake ali ndi matenda awoawo. Chofunika n'chakuti mphakayo asakhale ndi nthata, asamanyambite zilonda za munthu, ndipo ana asamasewere naye mwankhanza mpaka kuwakanda. Mankhwala a nthata akhale a amphaka enieni. Ena opangira agalu, makamaka okhala ndi permethrin, ndi poizoni kwa mphaka ndipo amamupha.

Njira imene yathandiza m'mizinda yambiri ndi yogwira amphaka a pamsewu, kuwathena amphongo, kutseka akazi kuti asaberekenso, kuwabaya katemera n'kuwabwezera pamene anawatenga. Amadula kansonga ka khutu limodzi kuti asadzagwidwenso kachiwiri. Mphongo yothenedwa imachepetsa kuyendayenda ndi kumenyana, motero kufala kwa FIV kumachepa. Mkazi wosabereka alibe ana oti awapatsire FeLV. Kupha amphaka a pamsika kapena kuseri kwa malo odyera sikupita patali, chifukwa pamene pali zakudya zotayidwa amphaka ena amabwera posakhalitsa, n'kuyambanso ndewu zolimbirana malowo. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA ndi ku Blantyre la BSPCA amagwira ntchito yothena ndi kubaya katemera agalu ndi amphaka.

Mukakandidwa kapena kulumidwa ndi mphaka wosadziwika mwini wake, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo poopa chiwewe. Chiwewe sichiyenda m'magazi, chimayenda m'malovu ndi m'mitsempha, koma mphaka naye amachifalitsa monga galu, ndipo zizindikiro zikayamba palibe mankhwala ochiza. Mano a mphaka ndi opyapyala ngati singano, bala limatseka msanga pamwamba tizirombo titatsala mkati, choncho ngakhale kabala kakang'ono pachala katha kutukusira. Ndipo ngati pakapita masabata awiri mwana watupa mwanabere m'khwapa, muuzeni adokotala kuti pakhomo pali kamwana ka mphaka ndipo kanamukanda padzanja.