Msonkho wa Nyumba m'Madera a Kumidzi ku America

M'chigawo cha Georgia, kummwera kwa dziko la America, muli maboma ang'onoang'ono 159 otchedwa county. Limodzi mwa mabomawa ndi la Sumter, dera la alimi a mtedza ndi thonje, kumene kuli mudzi wa Plains, kwawo kwa malemu Jimmy Carter amene anali Pulezidenti wa dzikolo kuyambira 1977 kufikira 1981. Iwo anayamba kutumikira anthu mu 1955 monga membala wa bungwe loyang'anira sukulu za m'boma lomweli. Sukuluzo, pamodzi ndi miseu ya kumidzi, apolisi ndi ozimitsa moto, zimadalira kwambiri msonkho umene eni nyumba ndi eni minda amakhoma chaka ndi chaka.

Mwini nyumba akalandira kalata ya msonkho, maso ake amathamangira pa ndalama zolembedwa kumapeto. Komatu ndalamazo zimachokera ku ziŵerengero ziŵiri, zimene zimakonzedwa ndi anthu osiyana ndiponso pa nthaŵi zosiyana. Wosazindikira zimenezi amakadandaula pa khomo lolakwika, mwinanso nthaŵi itapita kale.

Chiŵerengero choyamba ndicho mtengo wa nyumba. Bungwe la oyesa mitengo la bomalo limaona ndalama zimene nyumbayo ikanagulidwa pa 1 Januwale, poyerekeza ndi nyumba zofanana nayo zimene zagulitsidwa m'deralo. Lamulo la Georgia limati msonkho uŵerengedwe pa magawo 40 mwa 100 alionse a mtengowo. Munthu amene akukhala m'nyumba yakeyake amachotseredwanso madola 2,000, ndipo maboma ena amachotsera okalamba ndi olumala ndalama zoposa apa. Koma chifundochi sichibwera chokha ai. Mwini nyumba ayenera kukalembetsa.

Chiŵerengero chachiŵiri ndicho mlingo wa msonkho, umene kumeneko amauŵerenga ndi muyeso wotchedwa mill. Mill mmodzi ndi dola imodzi pa madola 1,000 alionse. Akuluakulu osankhidwa kuyendetsa boma amayamba aona ndalama zimene zidzafunike chaka chimenecho, kenaka amazigaŵa pa mtengo wa nyumba ndi minda yonse ya m'deralo. Bungwe la sukulu nalo limakonza mlingo wake, umene suyenera kupitirira ma mill 20 pokhapokha anthu atavomereza pa chisankho. Okhala m'tauni amaonjezerapo mlingo wa tauniyo.

Poyerekeza chabe, munthu akhale ndi nyumba ya madola 150,000. Magawo 40 a mtengowo ndi madola 60,000, ndipo atachotsa 2,000 aja patsala 58,000. Ngati boma laika ma mill 12, bungwe la sukulu nkuika 18, onse pamodzi ndi 30, motero msonkho wake ndi madola 1,740. Tsono chaka chotsatira oyesa mitengo anene kuti nyumba yomweyo yafika pa madola 180,000. Popanda kusintha mlingo ngakhale pang'ono, msonkho ukwera kufika pa madola 2,100. Akuluakulu angathe kunena moona kuti iwo sanakweze kanthu, chikhalirecho m'thumba la mwini nyumba mwatuluka madola 360 oonjezera.

Pofuna kuti msonkho usamakwere mwakachetechete chotere, nyumba ya malamulo ya Georgia inakhazikitsa lamulo mu 1999 lakuti mitengo ya nyumba ikakwera, boma liŵerenge mlingo wotsika umene ungabweretse ndalama zofanana ndi za chaka chatha. Likafuna mlingo woposa umenewo, liyenera kulengeza m'nyuzipepala kuti likukweza msonkho ndi kuitanitsa misonkhano itatu yomva maganizo a anthu. Mu Novembala 2024 anthu anavomerezanso pa chisankho kuti mtengo wokhomerapo msonkho wa nyumba imene mwini wake akukhalamo usamakwere koposa umo ikukwerera mitengo ya zinthu zina. Maboma ndi mabungwe a sukulu anapatsidwa ufulu wokana lamuloli, ndipo ambiri anakanadi.

Nchifukwa chake mwini nyumba ali ndi makomo aŵiri okagogoda. Akaona kuti nyumba yake yaikidwa pa mtengo wopambanitsa, ali ndi masiku 45 kuchokera pa tsiku lolembedwa pa chidziŵitso cha mtengo kuti achite apilo. Mlandu wake ungafike ku bungwe la eni malo anzake a m'boma lomwelo, ndipo umboni umene umamveka ndi wa mitengo ya nyumba zoyandikana nayo, kapena zithunzi za denga lodontha ndi zipupa zong'aluka. Akaona kuti vuto lili pa mlingo, malo ake ndi ku misonkhano ija ndi pa tsiku la chisankho. Amene amadikira kufikira kalata yolipirira itafika amapeza makomo onse aŵiri atatsekedwa.

Alimi ali ndi chitetezo chawonso. Mlimi akalonjeza kuti kwa zaka 10 malo ake adzakhala olimapo kapena a mitengo, mundawo umayesedwa molingana ndi ntchito yake ya ulimi, osati ndi ndalama zimene womanga nyumba zamalonda angapereke. Akaswa panganolo amalipira chindapusa choŵirikiza kaŵiri ndalama zimene anapulumutsa.

Tsiku lomaliza kulipira ndi 20 Disembala, ngakhale maboma ena amaika tsiku lawolawo. Wolephera amaonjezeredwa chiwongoladzanja, ndipo ngongole ikakhalitsa malowo amagulitsidwa pa mpikisano pakhomo pa nyumba ya milandu, Lachiŵiri loyamba la mwezi. Mwini wake amakhala ndi miyezi 12 yoti aombole malowo pobweza ndalama za wogulayo ndi kuonjezerapo magawo 20 mwa 100. Mabanja ambiri a anthu akuda kummwera kwa America anataya minda ya makolo awo mwa njira imeneyi, makamaka kumene kholo linamwalira osasiya kalata yogaŵira chuma, ana ndi zidzukulu nkumayang'anizana kuti akalipira ndani.

Omvera amene ali ndi nyumba m'mizinda ya kuno ku Malaŵi amaudziŵa msonkho wamtundu womwewu, umene makhonsolo amatolera motsata lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998. Malamulo ake ndi osiyana ndi a ku Georgia, koma mafunso ofunika pa kalata iliyonse ya msonkho ndi amodzimodzi: nyumbayi yaikidwa pa mtengo wanji, mlingo wake waikidwa ndi yani, ndipo nthaŵi yodandaulira itha liti.