Injini ikamalira timiyala: zomwe ekizozi yaphokoso imabisa

Harley-Davidson ikaima injini ili chilirire, siimveka ngati njinga zina zamoto. Imagunda kawiri motsatizana, n'kupuma pang'ono, n'kugundanso kawiri. Kaliridwe kotsimphinaka kali ndi chifukwa chake. Masilinda ake awiri anatalikirana ndi madigiri 45, ndipo mapisitoni onse awiri anamangiriridwa pamalo amodzi pa crankshaft. Silinda imodzi ikatentha mafuta, inzake imatsatira crankshaft itazungulira madigiri 315, kenako pamadutsa madigiri 405 kuti yoyamba ija itenthenso. Kampaniyi, yomwe inayamba mu 1903 mumzinda wa Milwaukee ku America, inafika popempha mu 1994 kuti kaliridweka kalembetsedwe ngati chizindikiro chake cha malonda. Makampani anzake anatsutsa, ndipo mu 2000 nkhaniyo inasiyidwa.

Njinga za mtundu umenewu, zomwe amazitcha cruiser, ndi zazitali, zolemera, za mpando wapansi. Honda Shadow, Kawasaki Vulcan ndi Suzuki Intruder zili m'gulu lomweli. Sizinapangidwire mjaha. Ubwino wake wagona pa mphamvu yokoka injini ikadali pansi, ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi kapena kuchepera apo, pomwe njinga zampikisano zimafika poposa ka 10,000 kuti zionetse ukali wake. Munthu amanyamuka pa roboti kapena kukwera chitunda osavutika n'kusinthasintha magiya.

Tsono eni njingazi ambiri akangogula amathamangira kuchotsa ekizozi ya kufakitale n'kuikapo mapaipi aafupi, otakasuka, opanda sailensa. Ena amasinthanso sefa ya mpweya. Phokoso limabweradi. Koma pakapita masiku, madandaulo amayamba: njinga yayamba ulesi ponyamuka, ikuphulika kuekizozi ukabweza moto, ndipo pachitunda mukumveka kanthu kolira m'kati mwa injini.

Ulesi ponyamuka ndi umene umadabwitsa anthu, chifukwa nzeru zimauza munthu kuti paipi yotakasuka itulutsa utsi mosavuta. Koma utsi sutuluka mwa ndawala imodzi, umatuluka m'magulumagulu nthawi iliyonse vavu ikatseguka. Gulu lililonse likamathamanga m'paipi limasiya kumbuyo kwake malo okoka, ndipo kukokako kumathandiza kuyamwa utsi wotsalira m'silinda, komanso kukokera mkati mpweya ndi mafuta atsopano pa kanthawi kochepa kamene mavavu onse awiri amakhala otseguka. Paipi ikakula kwambiri, utsi umayenda mwaulesi injini ikakhala pansi, kukoka kuja kumafooka, ndipo utsi wina umabwerera m'silinda n'kusakanikirana ndi mafuta atsopano. Paipi yaifupi nayonso imabweza mafunde ake panthawi yolakwika. Mapaipi oterewa anapangidwira njinga za mjaha wa mtunda waufupi, zomwe zimakhala pamoto wonse kuyambira poyambira mpaka pothera. Pamsewu wa tsiku ndi tsiku amalanda mwini njinga chinthu chenicheni chomwe anaigulira. N'chifukwa chake amakaniko odziwa amalangiza ekizozi yomwe mapaipi awiri amakumana n'kukhala imodzi, kapena kubwezeretsa kachitsulo kotchinga m'kati mwa paipi.

Nkhani yaikulu ili pa mafuta. Kuti petulo apse bwinobwino, pamafunika magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Injini ikamakoka katundu imafuna petulo wochulukirapo pang'ono kuposa pamenepa, chifukwa petulo woonjezerayo amaziziritsa m'silinda. Mukatsegula sefa ndi ekizozi, mpweya umalowa wambiri, koma majeti, timabowo tothira petulo mu kabuleta, amakhala omwe aja. Petulo amachepa, mpweya n'kuchuluka, ndipo injini imatentha. Pa injini yoziziritsidwa ndi mphepo vutoli limakula, makamaka pa silinda yakumbuyo yomwe imabisika kuseri kwa inzake. Harley-Davidson inasiyiratu makabuleta mu 2007, koma ngakhale njinga yomwe petulo amathiridwa ndi kompyuta imafunika kuichunanso mukasintha kapumidwe kake, pakuti kompyutayo imatha kudzikonza pang'ono chabe.

Kutenthako ndiko kumabala phokoso loopsa kuposa onse. Mwadongosolo lake, pulagi imayatsa moto ndipo motowo umafalikira m'silinda n'kukankha pisitoni bwinobwino. Koma kutentha ndi kupanikizika zikapyola muyezo, mafuta omwe moto sunawafikire, a m'mbali mwa silinda, amaphulika okha nthawi imodzi. Kuphulikako kumamenya zitsulo, ndipo wokwera amamva ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini. Zikapitirira, maring'i amathyoka, mutu wa pisitoni umadyeka mwinanso kubooka kumene.

Chizindikiro chake n'chakuti phokosoli limatsata katundu. Limabwera mukapotokola moto muli m'giya yapamwamba injini ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo limatha mukabweza moto kapena kutsitsa giya. Apa ndi pomwe okwera cruiser ambiri amadzipweteka okha. Poti injini ndi yamphamvu pansi, amazolowera kuikakamiza m'giya yachisanu pa liwiro la giya yachitatu, pofuna kumva kugunda kuja. Ine ndimaona kuti chizolowezi chimenechi chimapha mainjini ambiri kuposa kuthamangitsa.

Maphokoso ena ali ndi makhalidwe awoawo. Kulira kwa mavavu n'kopepuka, kumamveka pamwamba pa injini, ndipo kumathamanga kapena kuchedwa motsata kazunguliridwe ka injini, kaya pali katundu kaya palibe. Kugogoda kolemera kochokera pansi, komwe kumakula oilo akatentha, kumaloza ku mabering'i, ndipo njinga yotero siyofunika kuiyendetsanso. Kuphulika kwa kuekizozi pobweza moto nthawi zambiri ndi mafuta osapsa omwe akuyakira m'paipi, mwina chifukwa choti petulo wachepa kapena gasiketi ya ekizozi ikulowetsa mpweya. Pakokha sikuononga zambiri, ndipo sailensa ya kufakitale imangokubisa.

Mphamvu ya petulo yokana kuphulika yekha imayezedwa ndi nambala ya octane. Nambalayi siitanthauza kuti petuloyo ali ndi mphamvu zambiri, imangonena kuti amapirira kupanikizika. Mu 1921 Thomas Midgley wa ku General Motors anapeza kuti mankhwala okhala ndi mtovu wa lead amaletsa kuphulikaku, ndipo dziko lonse linawagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, ana n'kumapuma poizoni woononga ubongo. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wotereyu pofika mu 2006, ndipo Algeria inali yomaliza padziko lonse mu 2021.

Kuno ku Malawi petulo wathu ali ndi nkhani yakeyake. Kuyambira mu 1982 amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, woyamba wa ku Dwangwa, kenako ndi wa ku Chikwawa. Ethanol amakweza octane, zomwe ndi zabwino. Koma ali ndi oxygen m'kati mwake, ndipo galamu imodzi imangofuna magalamu 9 a mpweya. Kabuleta siidziwa zimenezi, imangothira muyezo womwe uja, ndiye njinga yomwe inali kale yoperewera petulo imapereweratu. Harley-Davidson imavomereza ethanol wosapitirira magawo 10 pa 100 alionse, choncho wobweretsa njinga yotere kuchokera ku South Africa kapena ku Japan ayenera kuiganizira nkhaniyi poichuna. Ethanol amakokanso chinyezi, ndipo njinga yongokhala miyezi m'galaja imatha kuchita dzimbiri m'thanki.

Choopsa koposa ndi petulo wa m'zigubu, yemwe amachuluka m'mbali mwa misewu mafuta akasowa. Akathiridwamo palafini, octane amatsika kwambiri, ndipo injini yomwe dzulo inali chete lero imayamba kulira timiyala pa kachitunda kakang'ono.

Kukwera ndi kutsika kwa dziko nakonso kumalowererapo. Kumapiri mpweya ndi wopepuka, kuchigwa ndi wolemera. Njinga ya kabuleta yomwe yachunidwa bwino ku Blantyre, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ikatsikira ku Chikwawa imapuma mpweya wochulukirapo pa petulo yemwe uja. Pobwerera, masana a mu Okutobala, itanyamula anthu awiri poyamba kukwera chitunda cha Thabwa, zonse zoyambitsa kuphulika zimakhala zakumana: kutentha, katundu, ndi liwiro lochepa losapereka mphepo yokwanira yoziziritsa injini.

Zimenezi sizikukhudza olemera okha. Njinga za kabaza za 125cc kapena 150cc nazonso zimaziziritsidwa ndi mphepo, zambiri ndi za kabuleta, ndipo anyamata ena amaboola sailensa kuti zizimveka patali. Malamulo a moto ndi mpweya ndi omwewo, kungoti wakabaza injini ikafa ndiye kuti nsima ya banja yaima. Ndipo makutu nawonso amalipira. Phokoso loposa madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu limayamba kuononga kamvedwe, pomwe paipi yopanda sailensa imatha kupitirira 100. Kamvedwe kakaonongeka motero sikabwerera, ndipo wokwera amayamba kutaya mawu ang'onoang'ono okwera, omwewo amene akanamuchenjeza kuti pisitoni ikudyeka.

Amene wasintha kale ekizozi ayambe n'kumasula mapulagi atayenda ulendo wautaliko. Pulagi ya injini yathanzi imakhala yofiirira pang'ono. Yoyera mbuu imaonetsa kuti petulo akuchepa, ndipo ikakhala ndi timadontho tonyezimira ta chitsulo ndiye kuti pisitoni yayamba kale kusungunuka. Pamenepo makaniko akulitse majeti, kapena achune kompyuta, aonenso nthawi yomwe pulagi ikuyatsa moto, pakuti ikamayatsa msanga kwambiri kuphulika kuja sikungathe ngakhale mutathira petulo wabwino chotani.