Mzati wa Nkhalango ya Pansi pa Nyanja

Pansi pa nyanja ya mchere, m'mbali mwa zilumba za Aleutian ku Alaska, pali nkhalango imene ambiri sanaionepo. Mitengo yake ndi ndere zazitali zotchedwa kelp, zomwe zimamera pa miyala n'kutalika mpaka pamwamba pa madzi. M'menemo ndimo nsomba zimaswana ndi kubisala.

Mdani wa nkhalangoyi ndi kanungu wa m'nyanja, kachirombo kobulungira ngati mpira, kokhala ndi minga thupi lonse. Kamayenda pang'onopang'ono pa miyala, kakukukuta tsinde la ndere ndi mano ake asanu. Ndere ikaduka patsinde, mafunde amaikokolola.

Koma naye kanungu ali ndi womuopa, ndiye katumbu wa m'nyanja. Katumbuyu alibe mafuta ochindikala omuteteza ku madzi ozizira monga anamgumi, choncho amadya kwambiri kuti thupi lifunde. Pa tsiku amatha chakudya cholemera pafupifupi limodzi la magawo anayi a thupi lake, ndipo tinungu ndiye ndiwo yake ya pamtima.

Tsoka la katumbu linali ubweya wake. Kuyambira mu 1742, pamene amalinyero a Vitus Bering anabwerera ku Russia ndi zikopa zake, alenje anamusaka kosalekeza. Pofika 1911, pamene maiko a Amereka, Russia, Japan ndi Britain anapangana zoleka kumupha, akatumbu otsala padziko lonse sanali kupitirira 2,000.

Zotsatira zake anazifotokoza James Estes ndi John Palmisano mu 1974, atayerekeza zilumba ziŵiri. Pa Amchitka, pomwe akatumbu anali atachulukanso, anapeza nkhalango yoŵirira ndi tinungu tating'ono. Pa Shemya, pomwe akatumbu anali asanabwerere, miyala inali mbee, itadzala tinungu tonenepa. Madzi anali ofanana, nyengo yofanana. Kusiyana kunali nyama imodzi basi.

Nzeru imeneyi anaiyamba ndi Robert Paine, amene mu 1969 anatcha nyama zotere dzina lakuti keystone, kutanthauza mwala wa pamwamba umene umagwira miyala yonse ya khomo lokhota. Kwa omanga nyumba ya udzu, ndiwo mzati. Nyamayo ingakhale yochepa pa chiŵerengero, koma ikachoka zambiri zimagwa nayo.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. M'zaka za m'ma 1990 akatumbu a kuzambwe kwa zilumba zija anachepanso kwambiri, ndipo Estes ndi anzake anapeza umboni woloza anamgumi olusa otchedwa orca. Tinungu tinaswana, nkhalango n'kuyambanso kutha.

Mlenje wa zikopa uja ankaona ngati akuchotsa katumbu yekha m'nyanja. Sanadziŵe kuti pamodzi ndi chikopacho akuzula nkhalango yathunthu, ndi nsomba zomwe zinali kudalira mthunzi wake.