Dzala la Makono ndi Kadimba ka Azakhali ku Chazanga

Aliyense amene anayendapo m'tinjira ta ku Chazanga, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, m'mwezi wa Okutobala pamene dzuwa liswa mtengo, adziwa kuti kuseri kwa nyumba zambiri, pakati pa chimbudzi ndi mpanda, kumapezeka kadimba ka repu, kalembula ndi chibwabwa, kamene mayi wa pakhomopo amakathirira ndi madzi otsukira mbale ndi ochapira, popeza madzi a pampopi ngogula. Azakhali anga ali nako kadimba kotero. Chaka chatha anaoka anyezi m'matumba a ufa wa bulekifasi, atawadzaza dothi la kudzala, kumene kuno amati ku chishala. Koma pa nthawi yozula, nditati ndinyamule thumba limodzi, linangonyenyeka m'manja mwanga, nilisanduka tizidutswa toyera tonga gaga, timene tinalowerera m'dothi kotero kuti ngakhale sefa sikadatilekanitsa. "Siya, mwanawe," anatero azakhali, "zonsezo ndi manyowa."

Sindinawatsutse, pakuti ananena nzeru imene anaiyamwira. Dzala la makolo athu linali la phulusa, makoko a nthochi, zitosi za nkhuku ndi mankhusu, zinthu zochokera kunthaka zimene zinkabwerera kunthaka, ndipo dzungu lomera padzala ndilo linkanona kuposa onse. Dzala la lero lili ndi timapulasitiki ta ufa wogula pang'onopang'ono wotchedwa pamela, matewera otaya, nsanza za salaula za polyester, ndi phulusa la mbaula imene makala ake anayatsidwa ndi pulasitiki. Tsono pulasitiki saola. Dzuwa ndi khasu zimangomuswa, nakhala fumbi, koma fumbi limene silisanduka dothi. Tizidutswa tosafika mamilimita 5 akatswiri amatitcha microplastics, dzina limene linatchuka ndi Richard Thompson wa ku Plymouth mu 2004, ndipo tochepetsetsa, tosafika gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, amati nanoplastics.

Kwa zaka zambiri anthu ankayesa kuti limeneli ndi tsoka la nyanja ndi nsomba zake, kufikira mu 2012 pamene Matthias Rillig wa ku Berlin anafunsa ngati nthaka nayo siilinkudwala nthenda yomweyo. Fanizo la wofesa mbewu litiuza za mbewu zogwa panjira, pathanthwe, paminga ndi panthaka yabwino. Nthaka yachisanu, imene pamaso ioneka yabwino chikhalirecho yadzala tizinyenyeswa tosaola, ndife tayamba kuilima. Ulusi wa polyester umasokoneza timibulu ta dothi timene timasunga mpweya ndi chinyontho. Ku Leiden, mu 2019, akatswiri anaona kuti tizidutswa tikamatirira pa khungu la njere timatseka tiziboo tolowera madzi, njere nichedwa kumera. Ndipo mu 2020 akatswiri a ku Yantai, m'dziko la China, anaonetsa chinthu chimene ambiri ankati sichingatheke: pamene kamuzu katsopano kaboola muzu waukulu pamatsala kamng'alu, ndipo pa kamng'alu pomwepo pulasitiki wochepetsetsayo amalowa mu tirigu ndi letesi, nakwera pamodzi ndi madzi kufikira kumasamba. Chakudza sichiimba ng'oma.

Koma chimene chinandikumbutsa kwambiri Chazanga ndi zimene Esperanza Huerta Lwanga ndi anzake anapeza mu 2017 m'makomo a alimi a ku Campeche, ku Mexico, kumene anthu amatentha ndi kukwirira zinyalala pakhomo monga ife: pulasitiki anapezeka m'dothi, m'ndowe za nyongolotsi, ndi m'nthutumba za nkhuku zopalasa pamenepo.

Kunena zoona, mayeso ambiri otere amachitikira m'miphika, ndi pulasitiki wochuluka kuposa amene ali m'munda wamba, ndipo pamene ofufuza ena anawerengera mu 2025 kuti dziko lapansi lingakhale likutaya pakati pa 4 ndi 14 peresenti ya chimanga, mpunga ndi tirigu chifukwa masamba akulephera kupanga bwino chakudya padzuwa, anzawo ena anati chiwerengerocho chathamanga. Komabe alimi a thonje a ku Xinjiang, amene akhala akuyala pulasitiki wopyapyala pa mizere kwa zaka makumi angapo, safunikira kuuzidwa, pakuti zotsalira zake zapiringizana m'nthaka nizitchinga mizu ndi madzi.

Kuno kwathu njira zimene pulasitiki amalowera m'nthaka ndi zina. Mu 2014, bungwe la Chazanga Water Trust, mothandizana ndi kampani ya madzi ya Lusaka, linatsegula malo okonzerako zotapidwa m'zimbudzi zokumba, kumene zimaumitsidwa kuti zikhale manyowa. Ntchito yolemekezeka ndithu mu mzinda umene kolera waulirisa maliro kangapo. Koma amuna otapawo amayamba ndi kuvuula nsanza, mabotolo ndi matewera zimene ife eni tinaponya m'dzenje usiku, poyesa kuti chalowa m'chimbudzi chatha. Momwemonso alimi a ndiwo m'mbali mwa mtsinje wa Ngwerere amathirira ndi madzi amene adutsa m'ngalande za mzinda, mmene chilichonse chotayidwa chimasambira mvula ikagwa. Boma linaletsa matumba opyapyala osafika ma micron 30 pa lamulo la Statutory Instrument 65 la 2018, ndipo linachita bwino. Chokhacho n'chakuti thumba lochindikala nalo limanyenyeka, limangochedwerapo, ndipo la bulekifasi lija silinali m'gulu la oletsedwa.

Chaka chino azakhali akumba maenje awiri, lina la zoola, lina la zosaola, atatopa ndi kulongolola kwanga koposa kukhutira ndi mawu a ku Yantai, ndipo anyezi aoka pansi. Anyezi a m'matumba aja tinadyera nsima mwezi wathunthu, anali okoma. Pamene panali matumbapo, thadzi lawo likapalasa m'mawa, tizidutswa toyera timatumphukabe pamwamba, anapiye n'kumathamangirana kukatijompha.