Mlandu wa mbereko ku Lifidzi

Pa 3 Disembala dziko lonse lapansi limakumbukira anthu aulumali. Ku Lifidzi, m'boma la Angónia, tsikuli limafika mvula itayamba, njira zili thope lokhalokha.

Pamudzi wina kufupi ndi tchalitchi chakale cha mishoni pali mtsikana wa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Fupa lake la ntchafu yakumanzere silinakhazikike m'malo mwake m'chiuno, ndiye mwendowo ndi waufupi. Amapondera zala, thupi likupendekera mbali imodzi. Kukhala pansi ndiye nkhondo: amayamba wagwira khoma, n'kutsetsereka pang'onopang'ono, mwendo wodwalawo atautambasulira kumbali. Pamphasa sakhalitsa. Bambo ake anamukhomera kampando kamatabwa, n'kuyalapo thumba la feteleza lodzaza makoko a chimanga, ndipo m'bale wake amakanyamula pamutu popita kusukulu.

Chimene chagawanitsa banjali ndi mbereko. Akuchimuna akuti mayi ankamubereka kwambiri ali wakhanda, akulima mbatata tsiku lonse, mpaka miyendo inatang'adzika. Mayiyo wasenza mawu amenewa zaka zonsezi, ndipo n'zopweteka chifukwa alibe mlandu. Madokotala a mafupa amanena zosiyana ndi za akuchimunawo. Mwana akaberekedwa m'chitenje miyendo itakumbatira chiuno cha mayi, mfundo ya m'chiuno imakula bwino. Choopsa ndi kukulunga khanda molimba miyendo itawongoka. N'chifukwa chake vuto la m'chiunoli limapezeka kawirikawiri kumayiko okulunga ana kusiyana ndi kuno kobereka kumsana, ndipo kafukufuku wa ku Malawi wofalitsidwa mu 2015 anapeza zogwirizana ndi zomwezo. Limakonda ana aakazi, oyamba kubadwa, ndi obadwa motsogoza matako.

Likadziwika mwana asanakwanitse miyezi 6, malamba ogwira miyendo nthawi zambiri amakwanira. Akayamba kuyenda pamafunika opaleshoni ndi chikhakha, ndipo ulendo wake sutherapo pa Ulongwe: ndi wa ku Tete, kapena kuoloka malire ku Dedza. Koma mwana sayamba kutsimphina asanaimirire, ndiye makolo amazindikira mochedwa.

Njinga ya olumala siingapite patali m'matope a kumapiri kuno. Mtsikanayu amadalira njinga yakapalasa ya bambo ake, yomwenso imanyamula matumba a mbatata kupita kumsika. Tsiku la msika iye amatsala pakhomo, akusenda chimanga ndi agogo ake.