Ku Philippines banja limatha, koma ukwati umatsala m'kaundula

Mwamuna akachoka pakhomo ku Philippines n'kukayamba banja lina ku Manila, mkazi wosiyidwayo amakhalabe mkazi wake pamaso pa boma. Zaka 20 zitha kudutsa awiriwo osaonana, koma m'kaundula mayina awo amakhala omangika pamodzi. Pa dziko lonse lapansi, Philippines ndi Vatican ndi okhawo amene alibe lamulo la chisudzulo lokhudza nzika zonse.

Sizinali choncho kuyambira kale. Mu 1917, dzikoli lili pansi pa ulamuliro wa America, padakhazikitsidwa lamulo lolola kusudzulana pa mlandu wa chigololo, koma mu 1950 mwayiwo udachotsedwa. Malamulo a banja amene akugwira ntchito lero adasainidwa ndi Pulezidenti Corazon Aquino mu 1987. M'dziko momwe anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse ndi Akatolika, mawu a maepiskopi amalemera ku nyumba ya malamulo. Asilamu okha, omwe ambiri amakhala ku Mindanao, ndiwo amaloledwa kusudzulana motsatira lamulo lawo la mu 1977.

Kulowa m'banja n'kosavuta. Munthu ayenera kukhala ndi zaka 18, ndipo ngati sanakwane 21 pamafunika chilolezo cha makolo. Ofesi ya kalembera wa m'deralo imapachika mayina a ofuna kukwatiranawo kwa masiku 10 isanapereke laisensi. Kawirikawiri imafunanso chikalata chotchedwa CENOMAR, chochokera ku bungwe la Philippine Statistics Authority, chotsimikizira kuti munthuyo sanalembetsepo ukwati wina. Chikalata chimenechi ndicho chimatseka njira ya aliyense amene banja lake loyamba lidatha popanda khoti.

Potuluka ndiye pali ntchito. Mkazi amene akumenyedwa angathe kupempha khoti kuti liwalekanitse, ndipo likavomera amakhala payekha n'kugawana katundu, koma saloledwa kukwatiwanso. Wofuna ufulu wonse ayenera kupempha kuti ukwatiwo ufafanizidwe, njira imene anthu akumeneko amangoitchula kuti annulment. Apa khoti silifunsa zimene zidawononga banja. Limafunsa ngati padali chilema pa tsiku la ukwati lenilenilo: chinyengo, kukakamizidwa, misala, kapena kusowa chilolezo cha makolo. Nkhanza kapena kuthawidwa, pazokha, si zifukwa zokwanira.

N'chifukwa chake ambiri amathamangira ku gawo 36 la malamulowa, limene limati ukwati ulibe mphamvu ngati mmodzi mwa awiriwo adali ndi vuto la m'maganizo lomulepheretsa kusenza udindo wa m'banja. Kwa zaka zambiri, makamaka chigamulo cha mlandu wa Molina chitaperekedwa mu 1997, odandaula ankalemba ganyu akatswiri a zamaganizo kuti akachitire umboni. Mkazi amene adangotopa ndi zibakera ankayenera kuonetsa kuti mwamuna wake, kapena iye mwini, adali wodwala kuyambira pachiyambi. Mu 2021, pa mlandu wa Tan-Andal, Khoti Lalikulu lidafewetsa zinthu ponena kuti umboni wa katswiri si wokakamiza, ndipo achibale ndi anzawo amene adawadziwa awiriwo angathe kufotokoza khalidwe lawo.

Komabe mlandu umatenga zaka, ndipo ndalama za loya zimafika ma peso zikwi mazana angapo. Ngakhale onse awiri atagwirizana kuti banja latha, sizithandiza, pakuti woimira boma pa milandu amaikidwa dala kuti afufuze ngati sanapangane. Chigamulo cha bwalo la mpingo nachonso sichisintha kanthu m'kaundula wa boma. Mlimi wa mpunga kapena msodzi amene amapeza zongokwanira tsikulo sayesa n'komwe. Amangoyamba banja lina mwakachetechete.

Mtengo wa chete ameneyu umaoneka pa ana ndi pa munda. Mwana wobadwa kwa mayi amene akadali pa ukwati wolembetsedwa, lamulo limamutenga ngati wa mwamuna wa m'chikalata, ngakhale mayiyo atanena poyera kuti si wake. Mwana wa bambo wokwatira amene wabereka kunja kwa ukwatiwo amalandira theka chabe la cholowa chimene mwana wa m'banja lolembetsedwa amalandira, ngakhale kuti kuyambira mu 2004 amaloledwa kutenga dzina la bambo ake ngati amuvomera.

Za munda n'zowawa kuposa apo. Ngati awiriwo sadalembe pangano lina asanakwatirane, katundu wawo amakhala wa onse, ndipo kupatukana popanda khoti sikusintha zimenezi. Mayi amene wagula kamunda ndi thukuta lake, mwamuna atathawa kalekale, sangakagulitse kapena kukaika chikole pa ngongole popanda siginecha ya wothawayo kapena chilolezo cha khoti. Nayenso mkazi wachiwiri, amene wakhala zaka zambiri ndi mwamuna wokwatira, amangopatsidwa gawo la zimene angaonetse umboni kuti adaikapo ndalama, katundu kapena ntchito yake. Kuphika ndi kulera ana sikuwerengedwa. Lamulo lidaikidwa kuti liteteze banja, koma pano likuteteza banja limene kulibe, n'kusiya pambalambanda limene lilipo.

Wopambana mlandu nayenso asafulumire kuitana oimba. Chigamulo chiyenera kulembetsedwa kwa kalembera ndi kudindidwa pa chikalata cha ukwati wakalewo, apo ayi ukwati watsopano ukhala wopanda mphamvu. Wokwatira kachiwiri khoti lisanamumasule angathe kuzengedwa mlandu wa mitala, umene chilango chake chimafika zaka 12 m'ndende. Kwa alangizi a m'midzi ya kumeneko, kuthandiza banja nthawi zambiri kumayambira pa kufunsa kuti m'kaundula mwalembedwa chiyani.

Aphungu a nyumba yaing'ono adavomereza bilu ya chisudzulo mu 2018 ndiponso mu 2024, koma maulendo onse awiri idakafera ku Senate. Chitseko chimene chatseguka pang'ono ndi cha okwatirana ndi alendo. Mu 2018, pa mlandu wa Manalo wokhudza mayi amene adasudzula mwamuna wa ku Japan, Khoti Lalikulu lidagamula kuti chisudzulo chotere chingavomerezedwe kwawo ngakhale atachiyambitsa ndi nzika ya Philippines. Koma nzika ziwiri za dzikolo zikasudzulana ku Hong Kong kapena ku Canada, kumene zikugwira ntchito, zikatera pa bwalo la ndege ku Manila zimakhala zikadali mwamuna ndi mkazi wake.